Pamene Njanji Zinazizira

Tikaloŵa m'golosale ya pamudzi n'kupeza kuti mchere wakwera mtengo, lilime lathu limathamangira kwa mwini sitolo. Timati ngwadyera. Nthaŵi zina timalondola. Komabe mbiri ya dziko lathu imatiphunzitsa kuti mtengo wa mchere umatha kupangidwira kutali, m'manja mwa andale, asilikali ndi olemba malamulo amene mudzi wathu sanauonepo.

Dziko la Malaŵi lilibe doko pa nyanja yamchere, choncho malonda athu akunja akhala akudzera pabwalo la anansi. M'chaka cha 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3, unatha kumangidwa pa mtsinje wa Zambezi, ndipo sitima zinayamba kufika ku Beira popanda kuolotsa katundu pa madzi. M'chaka cha 1970 inatsegulidwa njanji yachiŵiri, yochokera pa Nkaya kudzera pa Nayuchi, yolunjika ku doko la Nacala. Fodya, tiyi ndi shuga zinkatsika. Feteleza, petulo, mchere ndi nsalu zinkakwera. Pafupifupi katundu wathu yense ankayenda pa njanji ziŵirizi, ndipo tinkangoziyesa ngati dzuŵa, loti maŵa lidzatulukanso.

Mozambique atalandira ufulu mu 1975, sipanapite nthaŵi nkhondo inabuka pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Njanji zinasanduka chandamale. Pofika 1984 zonse ziŵiri zinali zitazizira, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa.

Nanga amalonda akanatani? Katundu anayamba kudzera ku Durban, ulendo wa makilomita oposa 3,000. Malole ena ankadutsa ku Tete mondondozana, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Ena ankazungulira ku Zambia. Chipata chilichonse chinali ndi malamulo ake, mapepala ake, malipiro ake ndi masiku ake odikira. Ndalama zonsezo zinkathera pa mutu wa wogula. Mwini chigayo analira ndi dizilo, telala analira ndi nsalu, mlimi analira ndi feteleza, ndipo fodya wake ankayamba walipira ulendo asanalipire thukuta la amene anamulima. Palibe mmodzi mwa ameneŵa amene anachita ulesi kapena kulakwitsa masamu. Anangopezeka pansi pa mtengo umene ankaudula ndi ena.

Mtengo wina unali wa magazi. Kuyambira 1987 asilikali a Malaŵi anapita kukalondera njanji ya Nacala, ndipo ena sanabwerere. Abale athu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni anathaŵira kuno, tinagaŵana nao madzi, nkhuni ndi misika.

Chimene chinatsegula njira sichinali nzeru za amalonda ayi, koma cholembera. Pa 4 Okotobala 1992, mu mzinda wa Rome, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere, atakhalitsidwa pansi ndi amkhalapakati, ena mwa iwo a gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa Beira. Malole anayambanso kudutsa ku Tete popanda mfuti. Koma kugwetsa n'kwa tsiku limodzi, kumanga n'kwa zaka: sitima zinabwerera pa mlatho wa Dona Ana patapita zaka zoposa 20.

Tiphunzirepo chiyani ife makolo? Choyamba, tisafulumire kuŵeruza wamalonda tisanafunse njira imene katundu wake wadzera. Chachiŵiri, tisamanene kuti ndale n'za andale okha, pakuti ndale zimafika mpaka mu mphika wa ndiwo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Pamene tikuthandiza mwana wathu kutsegula okala, timuphunzitse kusunga bwino buku la ndalama. Koma timuuzenso kuti mtendere wa anansi ndi malamulo achilungamo ndi mpamba umene sulembedwa m'bukumo, ngakhale kuti popanda iwo okalayo singakhalitse.