Waya womanga chifuwa: kuchokera ku Cairo mpaka ku Tsangano

Mayi wina wa ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, amasunga chithunzi cha X-ray pamodzi ndi buku lawo lakuchipatala. Mukachiunika padzuwa, pakati pa nthiti pamaoneka timphete ta waya tondondozana ngati mabatani a malaya. Anabwera nato kuchokera ku India, komwe anakawakonza mtima umene unawonongeka ndi zilonda zapakhosi zomwe sizinalandire mankhwala ali mwana.

Timpheteti tili ndi mbiri. Mu 1897, dokotala Herbert Milton ali ku Cairo analemba kuti fupa lapakati pa chifuwa likhoza kuchekedwa m'litali, kuyambira mmunsi mwa khosi. Anzake sanatengeke nazo, ndipo nzeruyo inagona zaka 60. Inadzuka John Gibbon atagwiritsa ntchito makina opopa magazi m'malo mwa mtima ndi mapapo mu 1953. Pofika 1957, Ormand Julian ndi anzake ku America anaonetsa kuti khomo labwino lofikira mtima ndi lomweli.

Kutsegula kunatheka, koma kutseka n'kumene kunasautsa. Fupali silipuma: munthu akapuma limasuntha, akatsokomola limakokedwa mbali zonse ziwiri. Madokotala amalizunguliza waya wachitsulo chosachita dzimbiri, n'kumupota mpaka mbalizo zitakumana. Tsoka ilo, fupa likakhala lofooka, wayayo amalidula monga ulusi umadulira sopo. Mu 1977 Francis Robicsek anabweretsa njira yoluka kaye waya m'mphepete mwa fupa, kulowa ndi kutuluka pakati pa nthiti, ngati woluka nkhokwe, kuti timphete tipeze pogwira. Lero kuli timalata tomangira ndi masikuluwu, komabe waya sanachoke chifukwa ngwotchipa ndipo amakhala m'thupi moyo wonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakumudzi. Waya amangogwirizira, fupa limalumikizana lokha, pakadutsa masabata 6 mpaka 8, ena kuposerapo. Nanga ku Tsangano ndani angakhale manja lende mbatatesi zikudikira kukumbidwa, matumba akupita ku Lizulu? Khasu, ndowa yapamutu, munsi, zonsezi zimakoka fupa lomwelo. Chilonda chikayamba kuchucha, kapena pachifuwa pakamamveka kugwedera, musafune zambiri, thamangirani kuchipatala cha boma ku Ntcheu.

Kwa mayi aja, apongozi awo anabisa munsi kwa miyezi itatu. Powakweza galimoto anawapatsa chitenje chopindapinda nati: "Amake mwana, kumbatirani ichi pachifuwa, msewuwu ngwamabampu."