Ana Awiri a ku Mbombwe Amene Anakaphunzira Tsidya la Nyanja

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, pa nthawi ya chikondwerero nkoyenera kukumbukira iwo amene anatitsogolera. Tsono ndifuna kukufotokozerani mbiri ya anthu awiri a ku Mbombwe, m'dziko la Chiradzulu, amene anaoloka nyanja yaikulu yamchere kukafuna nzeru ku America. Zimene anaona kumeneko, ndi chimene yense wa iwo anachita nazo atabwera kwawo.

Woyamba ndiye Mbusa John Chilembwe. M'chaka cha 1897 ananyamuka pamodzi ndi Mzungu uja Joseph Booth, amene anawabatiza. Pofika kumeneko anapeza kuti ukapolo unathetsedwa kale m'chaka cha 1865, koma mtima wa ukapolo unali usanathe. Pakuti m'chaka cha 1896 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linagamula kuti nkololeka kupatula anthu akuda kwa oyera m'sitima zapamtunda. Ndipo Booth analemba kuti m'mzinda wa Richmond anyamata achizungu anawaponya miyala awiriwo, chifukwa choyendera limodzi pa mseu.

Koma Akhristu akuda a mpingo wa National Baptist Convention anawalandira a Chilembwe ngati mbale wawo, nawatumiza ku sukulu ya Virginia Theological Seminary and College, ku Lynchburg. Mkulu wa sukuluyo, Gregory W. Hayes, anali munthu wakuda, ndipo ankalimbikira kuti anthu akuda aziyendetsa okha masukulu ndi mipingo yawo, osayembekezera Azungu. Taonani tsono mnyamata wochokera kumene Mzungu yekha ndiye anali mwini sukulu ndi mwini mlandu, akuona anthu a khungu lake ali abusa, madotolo ndi olemba nyuzipepala! Anamvanso zoopsa. M'mwezi wa November 1898, ku Wilmington m'dera la North Carolina, Azungu onyamula mfuti anachotsa akuluakulu osankhidwa a mzindawo, natentha nyumba yosindikizira nyuzipepala ya anthu akuda, napha anthu ambiri.

Masiku amenewo panali kutsutsana pakati pa anthu akuda ophunzira. Booker T. Washington wa ku Tuskegee ankati ayambe aphunzira ntchito za manja ndi kudzisungira chuma, ufulu udzabwera m'mbuyo. Ena ankati iyayi, munthu asaleke kufunsa chilungamo chake lero lomwe. Mau onse awiriwa a Chilembwe anabwera nawo m'chaka cha 1900, pamene anakhazika Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Anatsegula masukulu, naphunzitsa anthu kulima ndi kuvala mwaulemu, namanga kachisi wamkulu wa njerwa. Koma thangata la pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, msonkho, ndi kutengedwa kwa anthu kunkhondo ya 1914 zinawawawa mtima. Pa 23 January 1915 anthu awo anaukira Azungu, ndipo pa 3 February iwo anaphedwa. Boma linagumula kachisi uja, ndipo nkhosa zinabalalika.

Wachiwiri ndiye Dotolo Daniel Sharpe Malekebu, mmodzi wa ana oyamba a sukulu ya ku Mbombwe. Mphunzitsi wawo anali Mayi Emma B. DeLany, mkazi wakuda wa ku America amene anafika pa mishoni m'chaka cha 1902. Mayiwo atabwerera kwawo, mnyamatayo anathawa pamudzi, nayenda kufikira ku Beira, nakwera ngalawa kuwatsata. Anaphunzira ku Selma University ku Alabama, ku Durham, ku Moody Bible Institute ku Chicago, ndi ku Meharry Medical College ku Nashville, sukulu imene inayambidwa m'chaka cha 1876 kuphunzitsa anthu akuda zamankhwala.

Nawonso anaona zowawa zomwezo. Ku Alabama malamulo a 1901 anali atalanda anthu akuda ambirimbiri mphamvu yosankha atsogoleri. Ku Nashville, m'chaka cha 1905, anthu akuda anakana kukwera magaleta a mumzinda, nasankha kuyenda pansi, chifukwa cha lamulo lowapatula. Ndipo pakati pa owatsogolera panali abusa a Baptist. A Malekebu anali akali pa sukulu pamene mbiri inafika yakuti mbusa wawo waphedwa, ndipo kachisi wagwa. Ganizirani, abale, mtima wa munthu wokhala kutali chotero, alibe wa kwawo woti alire naye maliro. Komabe sanataye mabuku. M'chaka cha 1917 anatsiriza maphunziro, nakhala munthu woyamba wa dziko lino kulandira udotolo. Patapita zaka 20, mu 1937, Hastings Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo.

M'chaka cha 1919 anakwatira Mayi Flora Zeto, obadwira ku Congo, amene anaphunzira ku Spelman ku Atlanta. Pofuna kulowa m'dziko la makolo awo m'chaka cha 1921, Boma la Nyasaland linawabweza, poopa kuti wophunzira ku America aliyense ndi Chilembwe wina. Chotero anakatumikira ku South Africa ndi ku Liberia, akulembabe makalata opempha chilolezo. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. M'chaka cha 1926 analoledwa, natsegulanso mishoni ya ku Mbombwe imene inakhala bwinja zaka 11. Anasonkhanitsa obalalika aja, namanga kachisi watsopano, masukulu ndi chipatala. Ndipo sanatseke pakamwa pa madandaulo a anthu, pakuti anatsogolera bungwe la Chiradzulu District Native Association, lonena ndi Boma za minda ndi maphunziro. Anamwalira m'chaka cha 1978.

Anthu ena amafunsa kuti, mwa awiriwa wolondola anali ndani? Ine mphunzitsi wa kumudzi sindidzaweruza, pakuti dziko limakumbukira a Chilembwe pa 15 January chaka ndi chaka, ndipo mpingo umene a Malekebu anaudzutsa ulipobe. Chimene ndiona ndi ichi: onse awiri sanakaphunzire za m'mabuku zokha, koma anatsegula maso kuona mmene anthu a kumeneko akhalira ndi mmene alimbanira ndi chisalungamo, ndipo onse awiri anabwera kwawo, ngakhale anadziwa kuti kuno kuli umphawi ndi zoletsa.

Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kameta, katemanso. Chifukwa chake inu aphunzitsi, mwana wa m'kalasi mwanu akapeza mwayi wopita kutali, musamuuze za mayeso okha. Mumuuze za awiriwa, mumlembere makalata, ndipo mumpempherere kuti akaone zonse ndi maso ake, nabwere nazo kwa anthu amene anamtuma.