Mbiri ya Dontho la Mwazi pa Pepala

Makolo athu, pofuna kusunga ndiwo za dzinja kuti zifike m'malimwe, anazifutsa, naziyanika, nazimanga m'cikwatu. Ndipo masamba amene akadaola mkuja anakhala miyezi yambiri. Nzeru yomweyo ya kuumitsa cinthu cosacedwa kubvunda tiipezanso m'zipatala zathu za kumidzi, kumene namwino alasa munthu pa cala, nadonthezera mwazi pa kapepala, nauumitsa, nautumiza kutali kukayesedwa. Ambiri a owerenga athu anaciona ici ndi maso ao. Koma ali owerengeka amene adziwa kumene cinacokera, ndipo tiyesa kuti nkwabwino kuwafotokozera.

Woyamba amene tidziwa dzina lace ndiye Ivar Bang, sing'anga wa ku Norway wophunzitsa ku Lund m'dziko la Sweden, amene m'caka ca 1913 anaonetsa kuti shuga wa m'thupi akhoza kuyesedwa pa dontho la mwazi lomwedwa ndi pepala. Koma amene anaibukitsa njirayi ndiye Robert Guthrie, dotolo wa ku Buffalo ku Amereka. Munthu uyu anali ndi mwana wa nzeru zoperewera, ndipo mwana wina wa pa cibale cace anapezeka ndi nthenda dzina lace PKU, imene iononga ubongo wa khanda ngati cakudya cace sicisinthidwa msanga. Cisoni ca m'nyumba mwace cinamfulumiza kufunafuna njira yakuyesa makanda onse asanaonongeke. Ndipo m'caka ca 1963 iye ndi Ada Susi analengeza njira yao: kulasa khanda ku cidendene, kuumitsa madontho pa pepala lokhuthala, ndi kulitumiza pa positi monga kalata. Pamenepo Edzi sinadziwike ndi munthu ali yense.

Nthendayo inayamba kulembedwa ndi madotolo a ku Amereka m'caka ca 1981, ndi kacirombo kace kanapezedwa ku Institut Pasteur mu Paris m'caka ca 1983. Kuno ku Malawi wodwala woyamba anadziwika m'caka ca 1985. Za zaka zotsatira sitifuna kunena zambiri. Ife amene tinali aphunzitsi acinyamata masiku aja tikumbukira makalasi opanda aphunzitsi, ndi ana olemba dzina la agogo pa mzere wa dzina la kholo.

Caka ca 1996 cinadza ndi zinthu ziwiri. Coyamba, ku msonkhano waukuru wa ku Vancouver kunamveka kuti mankhwala atatu omwedwa pamodzi agonjetsa kacirombo, kotero kuti wakufa adzuka pa mphasa. Caciwiri, John Mellors ndi anzace anaonetsa kuti kucuruka kwa tizirombo m'mwazi kulosera za moyo wa munthu: wokhala nato tambiri adwala msanga, wokhala nato tocepa akhalitsa. Kuwerenga kotere kutheka lero ndi makina amene acurukitsa kambeu ka kacirombo kufikira kaoneka, mwa nzeru ya PCR imene Kary Mullis analandira nayo mphotho ya Nobel m'caka ca 1993. Ciwerengo ca tizirombo m'mililita imodzi ndico cimene a cipatala ati viral load.

Kufunika kwace nkotere. Mankhwala sacotsa kacirombo m'thupi, angokapondereza. Ndipo munthu akadumpha masiku, kacirombo kadzuka, kacuruka, kaphunziranso kupirira mankhwalawo. Zonsezi zicitika mwini wace ali wonenepa, alikulima m'munda mwace. Ali ngati nkhokwe yomatidwa bwino kunja, anankafumbwe ali m'kati. Pomadzaona ufa ulikugwa pansi, cimanga catha kale. Sikelo ya kulemera, ngakhale ciwerengo ca asilikari a m'thupi cija ca CD4, zicenjeza mocedwa; viral load icenjeza nkhokwe isanathe.

Tsono apa panali cibvuto. Makina aja anafuna madzi a mwazi, amene ati plasma, osati mwazi wathunthu. Kunayenera kutenga mwazi mu mtsempha wa pa mkono, kuuzunguza m'makina asanapite maora monga asanu ndi limodzi, ndi kusunga madziwo m'firiji kufikira tsiku lakuyesa. Ku London ici ncapafupi. Koma taganizani cipatala cacing'ono ca kutsidya la mtsinje, copanda magetsi, kumene mseu uduka m'dzinja, ndi galimoto ifika kamodzi pa mwezi. Madotolo a Médecins Sans Frontières anayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu m'caka ca 2001, ndi boma linayamba kuwagawa aulere m'dziko lonse m'caka ca 2004. Koma kwa zaka zambiri anthu a kumidzi anamwa mankhwala popanda wakuwauza ngati alikugwira nchito m'kati.

Pepala la Guthrie linalowa m'nkhondo iyi pa khomo la makanda. Mwana wobadwa kwa mai wa kacirombo atenga zizindikilo za citetezo ca amace, zimene zikhoza kukhala mwa iye kufikira miyezi 18. Cifukwa cace kuyesa kwa msanga kuja kwa akuru sikunena zoona pa iye, ndipo kuyenera kufuna kacirombo komweko. Khanda la masabata asanu ndi limodzi linalasidwa ku cidendene, monga makanda a ku Amereka aja, ndi pepala linamuka ku mzinda. Pamene njira iyi inazolowereka, anzeru anafunsa: ngati pepala liuza kuti kacirombo kalipo, kodi silingauzenso kucuruka kwace? Pakati pa malo amene funso ili linayesedwa panali ku Thyolo, kumene analinganiza mwazi wa pa cala wouma ndi plasma ya anthu omwewo. M'caka ca 2013 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti viral load ikhale njira yoyamba yakuyang'anira omwa mankhwala, ndipo linabvomereza mwazi wouma kumene plasma siitheka.

Kacitidwe kace nkosabvuta, koma kafuna munthu wosamala. Pepala liri ndi timabwalo tisanu. Namwino adzaza kali konse, osakhudza ndi cala cace. Liyanikidwa pa mthunzi maora atatu kapena anai, pakuti dzuwa liononga. Litauma liikidwa m'kathumba kotseka pamodzi ndi timapaketi tomwa cinyezi, ndipo likhoza kudikira masabata popanda firiji. Anyamata a njinga zamoto a Riders for Health anakhala akuwatola mapepalawa m'zipatala za kumidzi ndi kuwapereka ku malabotale.

Sitidzabisa zilema zace, pakuti mphunzitsi wotama buku osanena zolakwa zace anyenga ana. Dontho liri laling'ono, motero makina sangathe kuona tizirombo tocepa kwambiri monga aona m'plasma. Ndiponso mwazi wathunthu uli ndi maselo m'mene kacirombo kagona, ndipo makina ena awerenga ndi togonato pamodzi, nakweza ciwerengo ca munthu amene amwa mankhwala mokhulupirika. Cifukwa cace mzere wa 1,000 uli waukuru m'nkhani iyi. Wopitirira pamenepo sasinthidwa mankhwala pomwepo. Ayamba acezedwa za kamwedwe kace, nayesedwanso itapita miyezi itatu, ndipo ciwerengo cikakhalabe pamwamba ndipo apatsidwa mankhwala ena. Wokhala pansi pomwe apita kwao ndi mau okoma, pakuti kufufuza kwa HPTN 052, kumene mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre anali nao, kunaonetsa m'caka ca 2011 kuti kumwa mankhwala msanga kucepetsa kupatsirana m'banja ndi 96 pa 100.

Cilema cacikuru, monga tiona ife, sicikhala m'pepala ai, koma m'ulendo wakubwera. Mwazi umuka bwino. Yankho ndilo licedwa. Ndipo ulendo wonsewo, mafuta a njinga ndi mankhwala a makina, unatsamira kwambiri pa ndalama za maiko akunja. M'caka ca 2025, pamene boma la Amereka linaimika cithandizo cace cambiri, nchito zotere zinagwedezeka m'maiko ambiri a Afirika.

Pa sukulu yathu tinali ndi mtsikana wogonera pomwepo, amene anabisa botolo lace pansi pa sutikesi, nadumpha masiku poopa anzace a m'cipinda angamve kulira kwa mapiritsi. Anamlasa pa cala mvula itayamba. Yankho linafika titakolola, litagonera m'kabati ya cipatala cina. Ciwerengo cinali pamwamba. Namwino anadza yekha pa njinga kudzaonana ndi mai woyang'anira atsikana, ndipo anapangana kuti botolo lizikhala ku nyumba kwa maiyo, ndi mtsikana azipita kumeneko madzulo monga wotumidwa kukatenga makiyi. Pa kuyesa kwaciwiri yankho linadza m'masabata atatu, ndipo linali pansi pa mzere.