Injiniya wa ku Rimini: Moyo wa Alberto Marvelli Wodala

Akhristu ambiri tikamva mawu akuti "woyera", maganizo athu amathamangira kwa ansembe, kwa asisitere, kapena kwa amonke obindikira m'nyumba za mapemphero. Kawirikawiri sitiganizako za munthu wovala ovololo yothimbirira ndi mafuta a makina, kapena za bwana wa mu ofesi amene pakhomo pake pandanda anthu ofuna chithandizo. Komatu m'mbiri ya Mpingo muli anthu otere. Mmodzi mwa iwo ndi Alberto Marvelli, mnyamata wa ku Italy, injiniya wa makina, amene adalawako usilikali, nagwira ntchito ya boma mumzinda wophwasuka ndi nkhondo, namwalira ali ndi zaka 28 zokha. Mpingo umamkumbukira pa 5 Okutobala, ndipo n'koyenera kuti nafenso tiime pang'ono, tione njira imene adayenda.

Alberto adabadwa pa 21 Malichi 1918 mumzinda wa Ferrara, kumpoto kwa Italy. Adali mwana wachiwiri m'banja la ana angapo. Bambo ake ankagwira ntchito ku banki, ndipo mayi ake, a Maria Mayr, adali mayi wa dzanja lotambasuka, amene khomo lao silinkatsekera wanjala. Nthawi zina mwanayo ankaona chakudya chake chikugawidwa pakati kuti theka lipite kwa wopempha amene waima pabwalo. Sukulu yake yoyamba ya chikhristu idali imeneyo. M'chaka cha 1930 banjali lidasamukira ku Rimini, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ya Adriatic. Kumeneko Alberto adayamba kupita kumalo a achinyamata oyendetsedwa ndi ansembe a chipani cha Don Bosco, nalowanso m'bungwe la Aksio Katolika.

M'chaka cha 1933, iye ali ndi zaka pafupifupi 15, bambo ake adamwalira mwadzidzidzi. Chaka chomwecho adayamba kulemba za moyo wake wauzimu m'kabuku, ndipo pambuyo pake adadziikira malamulo oti azitsata: kudzuka m'mamawa, kusinkhasinkha kwa theka la ola, kuchita nawo Misa ndi kulandira Ukaristia tsiku lililonse, kupemphera korona, ndi kulapa kawirikawiri. Tisaganize kuti adali mnyamata wandwii, wothawa anzake. Adali wamphamvu, wokonda masewero, makamaka kupalasa njinga mitunda italiitali. Chitsanzo chake adachipeza mwa Pier Giorgio Frassati, mnyamata wa ku Torino amene ankaphunzira uinjiniya wa m'migodi, wokonda kukwera mapiri ndi kuyendera amphawi, amene adamwalira mu 1925 ali ndi zaka 24. Frassati yemweyo adalengezedwa kuti ndi woyera mu 2025.

Atakwanitsa zaka 18, Alberto adasankhidwa kutsogolera achinyamata anzake a Aksio Katolika, ndipo adalowa yunivesite ya Bologna. Adalandira digiri yake ya uinjiniya wa makina mu 1941, dziko la Italy litalowa kale m'Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Monga anyamata ena onse, adaitanidwa ku usilikali, koma patapita miyezi yochepa adamasulidwa chifukwa abale ake ena adali kale kunkhondo. Adagwirako ntchito kwa kanthawi ku kampani ya Fiat ku Torino, kenaka nabwerera kwao ku Rimini, kumene ankaphunzitsa pasukulu ina. Usilikali wake udali waufupi, wopanda mendulo. Nkhondo yeniyeni idamupeza pakhomo pa mayi ake.

Mu Seputembala 1943 boma la Italy lidagonja kwa asilikali a Britain ndi America, ndipo Ajeremani adalanda chigawo chapakati ndi cha kumpoto kwa dzikolo. Tsoka la Rimini lidali malo ake. Mumzindawo mumakumana misewu ikuluikulu ndi njanji, ndiponso udali kumapeto a kuvuma kwa mzere wa malinga umene Ajeremani adamanga kudutsa dziko lonse kuti atchinge adani ao ochokera kumwera, umene mbiri imautcha Gothic Line. Kuyambira pa 1 Novembala 1943, ndege za nkhondo zidaponya mabomba pamzindawo maulendo oposa 300. Pofika Seputembala 1944, pamene Ajeremani adathamangitsidwa, nyumba pafupifupi 8 mwa nyumba 10 zilizonse zidali zitagumuka kapena kuonongeka. Anthu zikwizikwi adathawira m'midzi, ndipo ena adakabisala m'mapanga a njanji ku San Marino, kadziko kakang'ono ka pamwamba pa phiri pafupi ndi Rimini.

Banja la a Marvelli lidathawira ku Vergiano, mudzi wa pamtunda wa makilomita angapo kuchoka mumzinda. Koma ndege zikangochoka, utsi usanazilale, Alberto ankakwera njinga yake kubwerera ku Rimini. Ankafukula anthu pansi pa zipupa zogumuka, ankanyamula ovulala, ankakhala pambali pa amene akutsirizika. Ankayenda kwa alimi ndi kwa eni masitolo kufunafuna ufa, zovala ndi mabulangete, nazimangirira panjinga kukapereka kwa amene atsala manja lende. Amene adamdziwa adachitira umboni kuti masiku ena ankafika kunyumba wopanda jekete, masiku ena wopanda nsapato, ndipo mwina ngakhale njingayo ataipereka kwa wina.

Padalinso choopsa china. Ajeremani ankagwira amuna ndi anyamata, nawatsekera m'mabogi a sitima kuti akawagwiritse ntchito ya kalavula gaga ku Germany. Pasiteshoni ya Santarcangelo, pafupi ndi Rimini, Alberto adatsekula mabogi otsekedwa kale, nathawitsa anthu amene adali m'katimo sitima isananyamuke. Iye ankadziwa bwino lomwe kuti wogwidwa akuchita zotere chilango chake chikadatha kukhala imfa.

Zonsezi n'zogometsa, ndipo ndi zimene anthu amakonda kusimba akamakamba za iye. Koma ife tikuona kuti chiyeso chachikulu cha moyo wake chidabwera mfuti zitaleka kulira. Pa nthawi ya ngozi, ambiri amalimba mtima kwa tsiku limodzi kapena awiri. Chovuta ndi kukhala wolungama m'mawa uliwonse, pampando wa mu ofesi, pamene palibe wokuombera m'manja.

Anthu atayamba kubwerera ku Rimini adapeza mabwinja okhaokha. Akuluakulu oyendetsa mzinda adapatsa Alberto, mnyamata wa zaka 26, udindo wogawa nyumba kwa osowa pokhala. Tiyeni tiganizire bwino kulemera kwa ntchito imeneyi. Mabanja ofuna denga ndi ochuluka, zipinda zotsala n'zochepa, nyengo yozizira yafika, ndipo aliyense wolowa mu ofesi ali ndi nkhani yoona ndi yomvetsa chisoni. Wina ndi mnansi, wina mudaphunzira naye limodzi, wina mumapemphera naye tchalitchi chimodzi, wina ali ndi kanthu m'thumba. Munthu wogawa zinthu zosakwanira amakhala ndi mphamvu yoopsa, ndipo ndi pampando wotere pamene ambiri oyamba bwino adaterereka. Alberto adatuluka m'menemo ndi manja oyera, ndipo m'miyezi yochepa adampatsanso maudindo ena m'khonsolo ya mzinda ndi m'ntchito yomanganso zogumuka.

Apa ndi pamene maphunziro ake adaonetsa phindu lake. Mtima wachifundo wokha sudziwa ngati chipupa chong'aluka chingathe kusenza denga, kapena ngati nyumba yogwedezeka ndi bomba ingagonemo ana usiku. Pamafunika munthu wodziwa kuyesa, kuwerengera ndi kulemba zoona pachikalata. Alberto sadaone masamu ake ngati chinthu china chapadera, chosiyana ndi Misa ya m'mawa. Kwa iye kuyesa chipupa mosamala kudali kukonda mnzake amene adzagona pansi pa chipupacho. Pamwamba pa ntchito ya boma adathandiza kukhazikitsa bungwe la amisiri omanga nyumba ogwirira ntchito pamodzi, adatsekula malo ophikira amphawi chakudya, ndipo ankawaitanira ku Misa, napemphera nawo, namvetsera madandaulo ao mosatopa. Mu 1945 Ambuye Episkopi a ku Rimini adamsankha kuti atsogolere Akatolika ophunzira a mumzindawo.

Adalowanso ndale, m'chipani cha Democrazia Cristiana. Idali nthawi ya mikangano yoopsa. Ulamuliro wankhanza wa Mussolini udali utangogwa, ufumu udathetsedwa ndi voti ya anthu mu Juni 1946, ndipo m'chigawo cha Rimini a chipani cha Komyunizimu adali ndi mphamvu zambiri. Komabe ngakhale otsutsana naye ankamlemekeza, popeza adamuona ndi maso ao pa nthawi ya mabomba, ndiponso adaona m'mene ankagawira nyumba osafunsa munthu za chipani chake.

Madzulo a pa 5 Okutobala 1946, akupalasa njinga kupita ku msonkhano wokopa anthu pa chisankho cha makhansala, chimene iyenso adaimira nawo, lole ya asilikali idamgunda. Adamwalira usiku womwewo osatsitsimuka. Munthu amene adapulumuka mabomba kwa chaka chathunthu adafera pamsewu pa nthawi ya mtendere, ali paulendo wa ntchito wamba. Thupi lake lili m'tchalitchi cha Sant'Agostino ku Rimini. Papa John Paul II adamlengeza kuti ndi wodala pa 5 Seputembala 2004 ku Loreto, pamsonkhano waukulu wa Aksio Katolika.

Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, umene udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, udaphunzitsa momveka kuti obatizidwa onse, a udindo uliwonse, aitanidwa kukhala oyera, ndi kuti akhristu eni ake amafunafuna ufumu wa Mulungu poyendetsa bwino zinthu za pansi pano. Alberto adamwalira zaka 16 msonkhanowo usanayambe, koma adali atasonyeza kale ndi moyo wake tanthauzo la chiphunzitsocho. Sadavale mkanjo, sadalalike paguwa. Adali ndi njinga, digiri ndi ofesi, ndipo zitatu zonsezo adazipereka.

Funso latsala ndi ife. Ambiri mwa owerenga tsamba lino tili ndi luso lina m'manja kapena mpando wina, waukulu kaya waung'ono: wina ndi mmisiri, wina ndi mphunzitsi, wina ndi namwino, wina amasunga kaundula wa oyenera kulandira chithandizo pa nthawi ya njala kapena ya madzi osefukira. Kodi Mulungu amene timamlandira Lamulungu amafika nafe Lolemba pamene tikusakaniza simenti, pamene tikusaina chikalata, pamene tikusankha dzina loti liyambe pamndandanda? Nyumba yomangidwa mwachinyengo imagwera anthu enieni, ndipo dzina lochotsedwa pakaundula chifukwa cha chiphuphu ndi banja logona ndi njala. Makolo athu adati kupatsa n'kuika. Alberto Marvelli adaika nsapato zake, luso lake ndi zaka zake zochepa m'manja mwa anthu a ku Rimini, ndipo mpaka lero mzindawo sudamuiwale. Iye atipempherere, kuti nafenso ntchito za manja athu zikhale zosachititsa manyazi pamaso pa Mulungu ndi pa anzathu.