Dzina la pa tikiti si mwini ndege



Ndimalondera usiku pa nyumba yosungiramo katundu ku Kempton Park, pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Dzina lolembedwa pa geti ndi la eni malo, koma malipiro anga amachokera ku kampani ina imene inatilemba ntchito. Ndiye achimwene, mutandifunsa chifukwa chake tikiti yanu inali ya kampani ina koma munakwera ndege ya kampani inanso, ndinaseka. Ndege nazo zimagwira ntchito ngati ife alonda.

Kampani yaikulu singatumize ndege ya mipando 300 ku tauni yaing'ono, ingaluze. Choncho imapangana ndi kampani yaing'ono: iwe bweretsa ndege, oyendetsa ndi amakaniko, ine ndikubwereka dzina ndi njira zogulitsira matikiti.

Mu 1996 Comair ya kuno inapangana chonchi ndi British Airways. Ndege zake zinapakidwa utoto wa British Airways nkumapita ku Cape Town, Harare ndi Livingstone, koma antchito anali a Comair. Mu 2022 Comair inagwa, ndipo utoto uja unazimiririka pa maulendo amenewa ngakhale kuti British Airways ya ku London inali bwinobwino.

Kwa Airlink zinayenda mosiyana. Kampaniyi inayamba mu 1992, ndipo mu 1997 inalowa pangano ndi South African Airways. Inkanyamula anthu ochokera m'matauni ang'onoang'ono kuwafikitsa ku Johannesburg, kumene ankakwera ndege zazikulu. Matikiti ankagulidwa m'dzina la SAA, ndalama nkumadutsa m'thumba la SAA zisanafike kwa Airlink. Mu Disembala 2019 SAA itamira m'ngongole nkuikidwa m'manja mwa oipulumutsa, ndalama za matikiti za Airlink zinatsekeredwa momwemo. Mu 2020 Airlink inachoka nkuyamba kugulitsa matikiti m'dzina lake. Mu 2023 inatsegula maulendo opita ku Lilongwe ndi Blantyre, ndipo mu 2024 Qatar Airways inagula magawo 25 pa 100 alionse a kampaniyo.

Kwathunso nkhani ndi yomweyi. Air Malawi itatha mu 2013, boma linagwirizana ndi Ethiopian Airlines, imene inatenga magawo 49 pa 100 mu kampani yatsopano. Ndege zinayamba kuuluka mu Januwale 2014.

Ndalemba izi chifukwa ndalama ya tikiti ya Khirisimasi ndimaisunga miyezi ingapo, ndikugona masana ndi kuyima pa geti usiku. Musanalipire, werengani timalemba ting'onoting'ono tosonyeza kampani imene iyendetse ndegeyo, ndipo funsani amene angakubwezereni ndalama ulendo ukalephereka. Nanenso ndinaphunzira mochedwa kufunsa amene amasaina malipiro anga, pamene kontrakiti ya pa geti lina inatha tili osadziwa.

Amayi muwauze kuti jekete lawo ndagula kale. Tsalani bwino.