Kumene Zinathera Peugeot ndi Datsun za ku Mitundu

Wofuna kuona galimoto za m'zaka za m'ma 1970 ku Mitundu asataye nthawi kufunsa m'magaraja. Angopita pamsika, awerame pansi pa ngolo zomwe zabwera ndi chimanga, mbatata ndi nkhuni. Kawirikawiri chitsulo chogwira matayala awiriwo chinachoka pa galimoto, ndipo pa ngolo zina difu ikadali pakati pomwepo, yakuda ndi girizi wakalekale. Ng'ombe ndi abulu zikukoka zotsala za Peugeot, Datsun kapena Land Rover.

Ziwalo zina zinamwazikana. Limu inapachikidwa pamtengo kusukulu n'kukhala belu, ina inasanduka mbaula. Sipuling'i inapita kwa wosula, yemwe anaisula nkhwangwa ndi chikwanje chifukwa chitsulo chake sichifumbwa msanga. Tayala linadulidwa nsapato, chubu n'kung'ambidwa malegeni omangira katundu panjinga. Mpando uli pakhonde pa munthu wina.

Ku America nkhani ya galimoto zakale imayenda mwina. Mu 1964 kampani ya Pontiac inaika injini ya V8 ya malita 6.4 m'galimoto ya msinkhu wapakati n'kuitcha GTO, ndipo chaka chomwecho Ford inatulutsa Mustang. Chevrolet Camaro ndi Dodge Charger zinabwera pambuyo. Zinali galimoto za mkokomo ndi liwiro, zomwa petulo mosaumira, ndipo nyengo yawo inatha msanga: inishulansi inakwera, malamulo a utsi anakhwima, kenako mafuta anadula mu 1973. Lero munthu akapeza imodzi m'shedi ya agogo ake amaiphwasula yonse pakhomo, n'kutha zaka akuibwezera mmene inatulukira m'fakitale. Amafuna nambala ya injini igwirizane ndi ya m'mabuku a kampani, penti ikhale ya mtundu womwewo, ngakhale mabawuti akhale a chaka chomwecho.

Amakaniko a kuno akamva zimenezi amaseka. Nawonso anaphwasula ndi kumanganso galimoto pakhomo kwa zaka makumi ambiri, mwina kuposa anzawo a kunjawo, koma palibe amene ankafunsa za fakitale. Funso linali loti mawa m'mawa inyamula matumba kapena ayi.

Kuti timvetse chifukwa chake tiyambe ndi msewu. M'busa T.C.B. Vlok wa mpingo wa Dutch Reformed atafika ku Nkhoma mu 1896, anthu a mfumu Mazengera akukhala m'phiri poopa nkhondo ya Angoni, katundu yense ankayenda pamutu. Mabokosi ochokera ku Cape ankakwera sitima pa Zambezi ndi Shire, kenako panyanja, n'kutsitsidwa kugombe kuti amtengatenga akwere nawo zitunda. Azungu ankanyamulidwa pamachila. Likulu la mishoni linasamuka ku Mvera kubwera ku Nkhoma nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatsala pang'ono kuyamba, chipatala n'kutsegulidwa mu 1915, koma njanji inafika ku Salima mu 1935 ndipo ku Lilongwe inachedwa mpaka 1979. M'zaka zonsezo chilichonse chokhala ndi injini chikawonongeka pamishoni, sitolo ya zipangizo inali kutali masiku angapo. Amishoni a ku Nkhoma ankalimbikira kuphunzitsa ntchito zamanja monga ukalipentala, kuumba njerwa ndi ulimi, choncho kukonza chinthu ndi zomwe zilipo sikunali kwachilendo m'derali galimoto zisanachuluke.

Luso lina linabwera ndi anthu a ku Joni ndi ku Halale. Amuna ambiri a m'midzi ya kumwera kwa Lilongwe anapita kumigodi kudzera ku Wenela, ena anayenda okha ulendo wa selefu kukafuna ntchito ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg. Ochuluka anabwera ndi njinga, wailesi ndi sutikesi, koma ena anagwirako ntchito yoyendetsa malole kapena yothandiza m'magaraja, ndipo anabwera ndi masipanala. Kumeneko n'komwe Mmalawi akanatha kuona galimoto ya mtundu wa GTO ndi maso ake, chifukwa South Africa inali nazo zakezake. Basil Green wa ku Johannesburg ankaika V8 ya malita 5 mu Ford Capri n'kuitcha Perana kuyambira 1970, ndipo mu 1973 Chevrolet inapanga Firenza Can-Am zokwana 100 zokha. M'malokeshoni anthu ankatama Chrysler Valiant. Ulendo wa kumigodiwo unadukiza mu April 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, Dr Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu ntchito. Unayambanso mu 1977 n'kutheratu mu 1988.

Capri Perana ikanangovutika pa msewu wa Mitundu wa nthawi imeneyo. Galimoto yotsika pansi, yomwa kwambiri, ikanatha dzinja limodzi m'matope a makande? Zomwe zinakhazikika kuno zinali zina. Bunda College itayamba cha m'ma 1966 ndi 1967, ntchito ya chitukuko cha ulimi ya Lilongwe Land Development Programme itayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, ndipo likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, misewu ya kumidzi inadzaza ndi Land Rover za alangizi, malole a Bedford onyamula chimanga ndi mtedza, ndi mapikiapu. Boma, mishoni kapena esiteti zikatopa nayo galimoto zinkaigulitsa, ndipo apa m'pamene moyo wake weniweni unkayambira. Wogula anali mwini golosale pa Nathenje, mwini chigayo, kapena mphunzitsi wopuma.

Yotamandidwa koposa inali Peugeot 404. Ku France inayamba kupangidwa mu 1960, ndipo inapambana mpikisano wa East African Safari kanayi, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, pa misewu yosasiyana kwenikweni ndi yathu. Injini yake ya malita 1.6 siinafike ndi pa theka pomwe la GTO, koma pikiapu yake inkasenza matumba, anthu pamwamba pa matumba, ndi nkhuku m'manja mwa anthuwo. Ku Kenya anapitiriza kuimanga mpaka 1991. Mnzake anali Datsun 1200, yomwe ku South Africa inayamba mu 1971 n'kudzasanduka Nissan 1400. Basi za United Transport zinkadutsa pa M1 ndi misewu ina ikuluikulu pa nthawi yakeyake, ndiye wa ku Nkhoma wotsikira pa Kamphata, kapena wodwala wopita kuchipatala, ankadalira matola. Kunyamula anthu pa galimoto ya katundu lamulo silinkalola, koma aliyense ankakwera.

Garaja ya galimoto zimenezi inali pansi pa mtengo wa mango kapena kuseri kwa nyumba. Injini ankaikweza ndi tcheni chomangirira ku nthambi, kapena ku mapolo atatu a bulugamu oimikidwa mopingasa. Pansi ankayala thumba n'kundandalika mabawuti motsatana mmene achotsedwera, ndipo sipanala boyi akasokoneza mndandandawo ankadziwa kuti lero kuli mawu. Mnyamatayo ankayamba ndi kutsuka ziwalo m'beseni la petulo, chaka chonse osaloledwa kugwira kabuleta. Malipiro ake anali nsima ya masana ndi luso.

Luso lenilenilo linali m'khutu ndi m'zala. Injini ya nthawi imeneyo imafuna zinthu zitatu, mafuta, mphepo ndi moto, ndipo chilichonse mwa izi munthu ankatha kuchiona. Makaniko ankachotsa pulagi, n'kuigunditsa pa chitsulo cha injini, wina akupukusa kiyi, kuti aone ngati moto ukutuluka wobiriwira kapena wofooka. Mapointi akapsa ankawapala ndi sandipepa. Taimingi ankaikonza popotoza disitibyuta pang'onopang'ono kufikira injini italira bwino. Jeti ya kabuleta ikatseka ankaipemerera ndi pakamwa. Gasiketi yaing'ono ankaidula pa katoni, akugogoda m'mphepete mwa chitsulo ndi kahamala kuti mabowo atuluke okha. Mavavu ankawapera pamanja ndi phala lake, ndodo ili pakati pa zikhato ngati wopekesa moto. Thanki ikadontha panjira, sopo ankagwira ntchito mpaka kufika kunyumba. Batire ikafooka, dalaivala wanzeru ankaimika galimoto poyang'ana kumunsi, ndipo ku Nkhoma zitunda sizisowa. Okwera matola ankadziwa kuti kukankha ndi mbali ya ulendo, ngakhale mtengo wake sunkatsika.

Panali ntchito zomwe pansi pa mtengo sizinkatheka. Kuboola buloko kuti ilandire mapisitoni okulirapo, kapena kupala kirankishafuti, kunkafuna makina a m'tauni. Mwini galimoto ankakweza chitsulocho pa matola a mnzake kupita nacho ku Lilongwe, galimoto yake n'kukhala pa njerwa milungu ingapo. Akachedwa kupeza ndalama, anzake ankayamba kubwera: "Achimwene, tabwerekeniko sitata, tibweza Loweruka." Galimoto zambiri zinafa imfa imeneyi, yobwerekedwa chiwalo chimodzichimodzi.

M'zaka za m'ma 1980 zinthu zinathina. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu n'kumazungulira ku Durban kapena ku Dar es Salaam, ndipo sipeya yatsopano inasanduka chinthu cha olemera. Apa m'pamene amakaniko anazolowera kupha galimoto ziwiri kuti yachitatu iyende, ndi kukwatitsa ziwalo za mitundu yosiyana: injini ya Datsun m'thupi la galimoto ina, kabuleta ya uku, ledieta ya uko, zogwirizira zowotcherera pamanja. Mmerika wofuna nambala zogwirizana akanagwira mutu. Komatu kukwatitsa giyabokosi ndi injini zomwe sizinapangidwire limodzi, popanda buku kapena makina oyezera, ndi ntchito yovuta kuposa kuitanitsa chiwalo choyenera pa intaneti, ndipo anthu amene ankaichita sanalembedwe paliponse.

Mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, yemwe kale anali wa maesiteti okha. Ndalama za ku okushoni ku Kanengo zinayamba kufika m'midzi ya Mitundu ndi Nathenje, ndipo mlimi wogulitsa bwino ankabwera ndi pikiapu yogwiritsidwa kale ntchito. Ina inkayenda zaka. Ina pofika Januwale, ndalama zitapita ku feteleza, inali itakhala kale pa njerwa nkhuku zikuikira m'kati. Pambuyo pa 1994 maminibasi a Toyota Hiace anachuluka, ndipo ntchito ya amakaniko inakula kuposa kale lonse. Biwi, pakhomo la mzinda kwa wochokera kumwera, inadzaza magaraja ndi ogulitsa masipeya akale.

Chomwe chinagwetsa luso lakale ndi galimoto zotsika mtengo za ku Japan, zomwe anthu amaitanitsa pa foni n'kukazitenga ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Toyota Probox ndi Sienta zinalanda ntchito ya matola, njinga zamoto za kabaza n'kutenga njira zing'onozing'ono. Galimoto zimenezi zilibe kabuleta kapena mapointi. Mafuta amagawidwa ndi kompyuta, ndipo ikadwala imafuna makina oiyeza. Injini ikatha, mwini amagula ina yathunthu yochokera kunja m'malo moiphwasula. Nawonso ogula zitsulo zakale pa sikelo anayendayenda m'midzi n'kusesa ziphakasa zomwe zinkagona kuseri kwa nyumba. Mabodi ambiri a 404 anathera pa kilogalamu.

Ndiye munthu wa ku Nkhoma amene lero angafune kuutsa galimoto yakale chifukwa choikonda, osati kuti inyamule matumba, akuyambira pati? Nyengo ili kumbali yake. Kuno kulibe mchere wa m'nyanja kapena womwe amathira m'misewu ya chipale ku America, choncho dzimbiri limadya pang'onopang'ono, makamaka pansi pa mapazi ndi m'munsi mwa zitseko momwe matope amakhala. Land Rover yakale thupi lake ndi la aluminiyamu, losachita dzimbiri, ndipo pofunika kugogoda ndi hamala ndi pa tchesisi. Zina zonse n'zokwera phiri. Galimoto yomwe yadutsa m'manja mwa anthu asanu ndi mmodzi kawirikawiri bulubuku yake inasowa, kapena nambala ya injini siikugwirizana ndi ya m'bukumo, ndipo popanda kukonza zimenezo ku ofesi ya Road Traffic, COF situluka. Mafuta nawo anasintha. Malawi wakhala akusakaniza ethanol mu petulo kuyambira 1982, fakitale ya ku Dwangwa itayamba, ndipo ethanol amalimbitsa ndi kung'amba mapaipi a labala akale, n'kukoka chinyezi m'thanki ya galimoto yongokhala. Petulo wa mtovu anathetsedwa m'chigawo chino cha Africa pofika 2006, pamene mitu ya injini zambiri zakale inkadalira mtovuwo kuteteza pokhalira mavavu.

Kuitanitsa Mustang kapena Camaro kuchokera kunja ndi nkhani ya anthu ochepa kwambiri. Msonkho wa MRA umakwera galimoto ikakhala yakale ndiponso injini ikakhala yaikulu, ndipo V8 ya m'ma 1960 ili ndi milandu yonse iwiri. Chiwongolero chake chili kumanzere m'dziko loyenda kumanzere. Chiwalo chilichonse chimagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwe zinadula kwambiri kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023.

Yotheka kwenikweni ndi Nissan 1400. South Africa inaipanga mpaka 2008 osaisintha kwambiri, kabuleta ili pomwepo, ndiye maling'i, magasiketi, nyali ndi mabampala zikadapezeka m'masitolo a ku Johannesburg. Mabanja ambiri a ku Mitundu kapena Nathenje ali ndi mwana kapena mlamu ku Joni yemwe angaike kapaketi m'basi ya ku Lilongwe. Chovuta n'kupeza woimanga. Achinyamata a m'magaraja anaphunzira pa Probox ndi njinga zamoto, ndipo odziwa kumvera kabuleta ndi madala omwe ambiri anasiya masipanala n'kubwerera kudimba, kapena akuwotcherera ngolo ndi mafelemu a zitseko pamsika. Mwini 1400 amayenera kukawatenga kunyumba, kuwalipirira kabaza, n'kuwapatsa mnyamata wokweza zolemera.