MBUMBA YA LIVINGSTONE NDI NDODO YA KU LISMORE

Dzina la Livingstone silacilendo m'dziko lino. Mzinda wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya umachedwa nalo, ndipo mtima wa mwini dzinalo unakwiriridwa kwa Citambo m'caka ca 1873. Koma owerengeka okha ndiwo adziwa kuti makolo ace a David Livingstone sanali kudziwika ndi dzina limeneli.

Anthu a ku mapiri a ku Scotland ali ndi mifunda monga tili nayo ife ya Phiri, Banda ndi Tembo. Mfunda wa makolo a David unali MacLea, ndipo cinenero cao cinali Gaelic, osati Cingelezi iai. Iye mwini analemba m'caka ca 1857 kuti atate wa ambuye wace anafera pa nkhondo ya ku Culloden, imene inamenyedwa mu 1746. Ambuye wacewo, Neil, anali kulima pa kacisumbu ka Ulva. Munda utalephera kudyetsa ana, anasamuka mu 1792 nakalowa nchito m'nyumba yopota thonje ku Blantyre pafupi ndi Glasgow. Kumeneko ndiko David anabadwira mu 1813, m'nyumba ya cipinda cimodzi.

Tsono dzina lenileni la Livingston linali la mbumba yina, ya anthu omveka a ku cidikha, amene analandira ufumu wa Linlithgow mu 1600. Pa cishango cao panali maluwa atatu ofiira pa malo oyera ngati siliva. Ufumuwo anawalanda cifukwa ca kupanduka kwa mu 1715. A MacLea anangotengako dzina lao, monga acitira munthu wa kumudzi amene asintha dzina pofika ku migodi kuti kalaliki asabvutike polemba. Koma magazi sanali amodzi.

Apa ndipo ambiri asokonezeka. Ku Scotland cizindikiro ca pa cishango sica mfunda wonse, koma ca munthu mmodzi ndi wolowa m'malo mwace. Ku Edinburgh kuli woweruza wochedwa Lord Lyon, amene asunga buku la zizindikiro zonse kuyambira 1672, ndipo wogwiritsa cizindikiro ca mnzace akhoza kuimbidwa mlandu. Amalonda amene agulitsa zithunzi za maluwa atatu aja kwa yense wa dzina la Livingstone angodya ndalama za anthu. David analibe gawo pa maluwawo, ndipo sanadziyese wa ku nyumba ya mafumu.

Cuma ceni-ceni ca a MacLea ndico ndodo. Pa cisumbu ca Lismore pali nyumba ya Bachuil, ndipo mau amenewa m'cinenero cao atanthauza ndodo ya mbusa. Anthu akhulupirira kuti inali ya Moluag Woyera, mlaliki wocokera ku Ireland amene anamwalira mu 592. Ndi kamtengo kakuda, kosafika ndi kutalika kwa yadi imodzi, ndipo mkuwa umene unakutirapo kale unatha pafupi-fupi wonse. Koma kalata ya mu 1544 ya mfumu ya ku Argyll itsimikiza kuti banjali linali ndi minda yace cifukwa ca kusunga ndodoyi. Aliyense amene anaonapo akulu akutsutsana za mpando ndi mkanda wa ufumu sadzadabwa nazo.

Mwana wina wa nyumba ya Bachuil, William Jervis Livingstone, anadza ku Nyasaland nakhala kapitao wamkulu wa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, minda ya adzukulu ace a David. Kunamveka kuti iye ndi David anali pa cibale, ngakhale kalata yocitira umboni cibaleco sinaoneke. Anali munthu waukali pa anchito a thangata, natentha nyumba zopemphereramo za anthu a John Chilembwe. Usiku wa pa 23 January 1915 anthuwo analowa m'nyumba mwace, namupha, namudula mutu. Mkazi wace ndi ana sanawapweteke.

Mmodzi wa anawo anali khanda la miyezi yowerengeka, dzina lace Alastair. Khanda limenelo linakula, linabwerera ku Lismore nilisunga ndodo ya Moluag, ndipo mu 2003 Lord Lyon analibvomereza kukhala mfumu ya mfunda wa MacLea. Alastair anamwalira mu 2008.